Manja a Pak Sarkawi

Pakampani yathu ya mipando kuno ku Jepara, m'dziko la Indonesia, munthu wa makompyuta ndi mmodzi yekha, Pak Darmaji. Kuno bambo timati Pak, mayi timati Bu. Ine ndine Tarmini, wa ku zotumiza katundu, ndipo tebulo langa lakhala moyang'anana ndi lawo zaka khumi ndi chimodzi. Kunena zoona, bamboyu ankanditopetsa. Ndi anthu aja oti ukawauza kuti intaneti yavuta amayamba avula magalasi, n'kuwapukuta ndi malaya, kenako n'kukufunsa ngati kompyutayo wayatsa.

Kwawo ndi banja la osema. Bambo awo ankasema zitseko, mkulu wawo Sarkawi anatengera luso lomwelo, koma Darmaji tchizulo chinawakana. Ali ndi zaka khumi anadzitema chala mpaka fupa kuoneka, ndipo bambo awo anati mwanayu apite kusukulu zala zisanathe. Mapeto ake abale awiriwo anadzakumananso pakampani imodzi, wamkulu kushedi ya osema, wamng'ono m'kachipinda kozizira kodzaza mawaya.

Mafayilo onse a kampani, zojambula za mipando, makalata a makasitomala ndi zithunzi, amakhala malo amodzi omwe tonse timafikako kudzera pa netiweki. Ife timangoti kunkhokwe. Malowo ndi a lendi, ndiye maoda atayamba kuchepa, abwana athu Pak Handoyo analamula kuti nkhokweyo ichepetsedwe ndi theka mwezi usanathe.

Pak Darmaji amati kukulitsa nkhokwe ngakhale mwana angathe, koma kuchepetsa ndiye kumachotsetsa anthu ntchito. Umayamba wakopera zonse pa disiki ina, n'kutsegula zokoperazo kuti uone ngati zikutsegukadi. Kenako umafufuta zosafunika, zotsalazo n'kuzisunthira mbali imodzi, ndipo khoma la nkhokweyo, ndiye kuti malire ake, umalisendeza pomaliza penipeni, n'kusiyanso kampata. Ukathamangira khoma umadula fayilo ya munthu pakati, ndipo kompyuta sikuuza tsiku lomwelo. Umadzamva patapita mwezi, kasitomala ali pafoni.

Koma chomwe chinkatipsetsa mtima tonse ndi mwambo wawo wofunsa katatu. Anthu akuno timavomera chilichonse. Munthu akakufunsa kanthu umati inde ukumwetulira, kukana kumadzabwera mawa kudzera mwa munthu wina. Pak Darmaji amazidziwa zimenezi, choncho foda ya munthu saifufuta asanamufunse mwini wake katatu, masiku atatu osiyana, ndipo kachitatuko pamakhala mboni yosaina papepala.

"Bu Tarmini, makalata anu akale aja ndifufute?"

"Fufutani. Ndinakuuzani kale Lolemba."

"Lolemba munavomera maso ali pafoni."

"Ndiye mukufuna ndikwere patebulo ndiimbe? Fufutani, bambo inu, musandiwawitse mutu!"

M'mawa mwake ndinakumbukira kuti m'makalatamo muli miyeso ya kabati yomwe kasitomala wina amaitanitsa chaka ndi chaka. Ndinapita ndekha kukapempha kuti asafufute. Sanandiseke, anangopukuta magalasi, ndipo zimenezo n'zomwe zinandinyansa kwambiri.

Foda yaikulu kuposa onse inali ya Pak Sarkawi. Munali mavidiyo a zaka khumi ndi zinayi omwe kampani inkajambula kuti izitumizira ogula akunja. Nkhope simunali, poti ogulawo ankafuna manja okha: tchizulo chikuyenda pathabwa la mtengo wolimba wa jati, kanyundo kakugogoda, duwa likutuluka pang'onopang'ono. Masiku ano maluwawo amasema ndi makina, ndipo shedi ya osema tinaisandutsa mosungira makatoni.

Mwini manjawo anagwa ndi sitiroko zaka ziwiri zapitazo, ali pantchito. Mbali yakumanja inafa, mawu anapita. Akazi awo anali atamwalira kale, ana analibe, ndiye Pak Darmaji anawatengera kwawo. M'mawa uliwonse amawasambitsa, kuwaveka ndi kuwadyetsa phala la mpunga asanakwere njinga yamoto kubwera kuntchito. Miyezi yoyamba ankatiuza momwe wodwala wagonera. Kenako anasiya, ifenso tinasiya kufunsa. Sankaoneka achisoni kapena okwiya, ankangofika, kugwira ntchito, kudya mpunga wawo ndi ndiwo ya soya yotchedwa tempe, n'kubwerera.

Pak Sarkawi ankagwedeza mutu kuvomera chilichonse. Ukati tiyi amavomera, ukati khofi amavomeranso. Tonse tinangoti basi, mutu unasiya kugwira, ndipo tinayamba kuyankhula pamaso pawo ngati pamaso pa kabati. Pa Idi ndinapita kukacheza kunyumba kwawoko, ndipo ndinamva ndi makutu anga Pak Darmaji akunena, uku akuwapukuta pakamwa, kuti, "Munthuyu anapita kalekale, ife tikungosamala thupi." Ine, m'malo motseka pakamwa pangapa, ndinawonjezera kuti bola Mulungu akanangowatenga kuti nanunso mupume.

"Mavidiyo amenewo ndi theka la nkhokwe yonse," anatero Pak Handoyo. "Fufutani lero. Ngati mukuwafuna, akopereni mupite nawo kwanu, ine ndilibe nawo ntchito."

"Ndiwafunsa kaye eni ake," anayankha Pak Darmaji.

"Mukafunsa ndani, Pak? Munthu wovomera ngakhale mutamuuza kuti lero ndi Khrisimasi?"

"Katatu, ngati wina aliyense."

Kawiri anafunsa okha kunyumba, kawiri konse mutu unagwedezeka. Kachitatu panafunika mboni, ndipo poti ndimakhala njira yomweyo, tsokalo linagwera ine. Linali Lachinayi madzulo titaweruka, mitambo itada.

Tinawapeza Pak Sarkawi pakhonde, pampando womwe anasema okha, dzanja lamanja litapindika pamiyendo. Pak Darmaji anakoka katebulo, n'kutsegula laputopu, n'kuyatsa vidiyo imodzi. Kanyundo kanayamba kugogoda. Pagalasipo panali manja akuda, amitsempha, othamanga, chala chachikulu chikukolopa fumbi pa tsamba lomwe langosemedwa kumene.

"Achimwene, awa ndi manja anu. Kuntchito akuti malo achepa. Tifufute?"

Mutu unagwedezeka kuvomera.

"Eya, bweretsani ndisaine," ndinatero ine. "Mvula indipeza pamsewu."

Koma Pak Darmaji anapisa m'thumba n'kutulutsa disiki yatsopano, ikadali m'katoni yake. Anaiika pafupi ndi laputopuyo.

"Ndagula iyi. Ndikusungirani onse umu, muzionera kunyumba kuno. Ndisunge, eti?"

Anafunsa mwamwambo chabe, dzanja lili kale pa cholembera. Mutu uja sunagwedezeke. Tinadikira. Kanyundo kankangogogoda m'vidiyomo.

"Achimwene, ndati ndisunge?"

Pang'onopang'ono mutuwo unapita kumanzere, kenako kumanja, kenako kumanzerenso, kukana. Dzanja lamanzere linanyamuka, linafika pa laputopu, n'kuitseka. Phokoso la kanyundo linaduka. Ndiyeno Pak Sarkawi anayang'ana mng'ono wawo m'maso, n'kutembenuka kuyang'ananso ine.

Ndinachita manyazi omwe sindinachitepo chibadwire. Mawu anga a pa Idi aja anandibwerera onse, ndi malo omwe ndinakhala, ndi kapu yomwe ndinali nayo m'manja.

"Zaka ziwiri zonsezi mwakhala mukumva?" anafunsa Pak Darmaji. Mawu awo anali omwe aja amafunsira ngati wayatsa kompyuta.

Mutu unagwedezeka kamodzi, kuvomera.

Ndinkayembekeza kuti agwada, kapena alira, kapena apepesa. Sanachite chilichonse mwa zimenezo. Anangondipatsa cholembera, ine n'kusaina. Anabweza disiki ija m'thumba, n'kunena kuti nthawi ya mankhwala yakwana. Mvula inandipezadi pamsewu, koma sindinaime kuti ndivale jasi.

Ntchito yochepetsa nkhokwe inagwiridwa mawa lake, Lachisanu masana, poti nthawi imeneyo amuna onse amakhala ali kumzikiti ndipo palibe wotsegula fayilo. Pak Darmaji anatitulutsa tonse pa netiweki, anaonanso zokopera zija, anafufuta zonse zomwe eni ake anavomera, n'kuyambitsa makinawo kusuntha zotsala. Anandiuza kuti ndikhale ndikuyang'ana kamzere kobiriwira pakompyuta, kakafiira ndiwaimbire. Atabwerako kokapemphera anasendeza khoma lija. Sipanasowe fayilo ngakhale imodzi, ndipo Pak Handoyo anaitanitsa khofi wa ofesi yonse.

Zokopera zija Pak Darmaji amazisunga masiku makumi anayi, kuopa kuti wina angadzakumbukire kanthu mochedwa, ngati ine. Masikuwo akatha amazifufuta. Choncho manja a Pak Sarkawi anali akadalipo, pa disiki yakuda ya m'kabati yachitsulo, ndipo ine ndinkawerenga masiku pakalendala wa patebulo panga. Kunyumba kwawo sindinapitenso. Ndinkadutsa pageti nditayang'ana kutsogolo.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kufunsa kuti kunyumba zili bwanji.

"Ndimawasambitsa," anatero. "Kale ndinkayankhula ndikuwasambitsa. Pano sindidziwa choti ndinene."

Tsiku la makumi anayi litakwana, ndinawaona akutulutsa disiki yakuda ija nthawi ya chakudya chamasana. Ndinasiya mpunga wanga n'kuwatsatira m'kachipinda kozizira kaja.

"Pak, musatero. Ku Jepara konse kuno kulibenso wosema chonchija. Koperani pa disiki munagula ija, muike pansi pa zovala. Munthu akhoza kusintha maganizo."

"Ndawafunsanso achimwene m'mawa uno."

"Ndiye?"

"Chimodzimodzi."

"Koma inunso ndinu ouma mutu! Ingosungani mwakachetechete. Ali pampando paja adziwa bwanji?"

Pak Darmaji sanavule magalasi ulendo uno. Anandiyang'ana nawo ali kumaso.

"Bu Tarmini, si zomwe tinkanena pa Idi zija, kuti munthuyu anapita kale?"

Kompyuta inafunsa ngati atsimikizadi, iwo anadina, ndipo kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda. Tinaimirira pomwepo awirife mpaka kanafika kumapeto.