Njinga Zinayi pa Dambo la ku Nkaya

Achimwene anga aakulu anabwera kuchokera ku Bulawayo ndi njinga yamoto yopanda mabuleki. Anatsika nayo m'sitima pa Nkaya ine ndili pompo ndi dengu langa la zitumbuwa, poti nthawi imeneyo ndinali nditakwatiwa kale ndi bambo wokonza njanji ndipo tinkakhala pafupi ndi siteshoni. Anzawo akamabwera kuchokera kunja ankanyamula mabulangete, wailesi kapena makina osokera. Iwo anali ndi sutikesi yopepuka ndi chinjinga chowonda, chopanda nyali, chopanda ngakhale poti n'kukwezapo munthu. Amayi atachiona kwathu ku Utale anandifunsa:

"Zaka zonsezi, katundu wake ndi ameneyu?"

"Ndi ameneyu, amayi," ndinayankha.

"Nanga chimaima bwanji?"

"Chikatopa chimaima chokha," anatero achimwene akuseka.

Kumeneko ankagwira ntchito m'galaja ya mzungu wina wokonda mjaho wa njinga. Ntchito yawo inali kutsuka, kumanga ndi kukankha njinga kuti ilire. Munthu wakuda sankaloledwa kupikisana nawo, koma m'mawa akamasalaza bwalo, mzungu uja ankawalola kuzungulirako okha. Nkhondo itakula m'dzikomo mzunguyo anasamuka, n'kuwasiyira njinga yake yakale. Achimwene anatifotokozera malamulo ake atakhala pa khonde, akulemba pansi ndi kamtengo. Bwalo limakhala ngati dzira. Amuna anayi amanyamuka limodzi, amazungulira kanayi, ndipo amakhotera kumanzere kokhakokha. Pokhota sachepetsa liwiro. Amaigoneka njinga, tayala lakumbuyo n'kumaterereka, phazi lamanzere likukhula pansi litavala chitsulo kunsi kwa nsapato.

Kuseri kwa Nkaya kunali dambo lomwe linkauma gwa m'chilimwe. Eni ake analola, poti ankangodyetsapo ng'ombe. Amuna anga ndi anzawo a panjanji anathandiza kusadza zitsa, n'kubweretsa phulusa la malasha lomwe linangounjikana kuyambira nthawi ya sitima zakale. Analimwaza, ndipo ng'ombe ziwiri zinakoka chidutswa cha njanji kuti pasalale. M'mbali anaikamo mitolo ya mapesi kuti wogwa agwere pofewa.

Opikisana nawo anapezeka atatu. Panali makaniko wa ku mishoni, munthu wofatsa amene ankayamba wachita chizindikiro cha mtanda asanakwere. Panali mwana wa mmwenye wa sitolo ya ku Balaka, amene ankapeza matayala, matcheni ndi petulo. Wachitatu anali wogulitsa nsomba wa ku Liwonde, Msilamu wamtali wa mpata m'mano. Njinga zawo zinali za pamsewu wamba, ndiye achimwene ankazivula nyali ndi mabuleki. Wansomba uja ankabwezeretsa mabuleki ake sabata iliyonse, chifukwa Lolemba njinga yomweyo inkayenera kunyamula chambo. Anasankha Loweruka masana, poti Lachisanu ena ali ku mzikiti, Lamulungu ena ali ku tchalitchi.

Tsiku loyamba ndinapita kukagulitsa zitumbuwa basi. Ndinaima pokhota poyamba osadziwa kuti ndi pomwe pamalavulidwa fumbi lonse. Njinga zinayi zitalira pamodzi ndinazimva m'mimba, osati m'makutu. Kenako chingwe choyambitsira mjaho chinagwa, zinayi zonse zinabwera molunjika ine, ndipo pomwe ndimati zindigunda zinagona cham'mbali n'kudutsa. Phulusa linandimenya kumaso. Ndinapezeka ndikukuwa, dengu lili pansi, zitumbuwa zitada ngati makala. Achimwene ankathira mu injini mafuta a nsatsi omwe amayi ankayenga odzola, ndipo dambo lonse linkanunkhira nsatsi yopserera. Fungo limenelo linkakhala m'chitenje mpaka Lachiwiri.

Kuyambira pamenepo sindinajombepo. Amuna anga ankachita manyazi.

"Mayi wa ana awiri kumakuwa chonchija? Anthu azinena."

"Anene. Inu simukuwa?"

"Ine ndi mwamuna."

Loweruka lotsatira ndinali pamalo anga pomwe paja. Amayi ena atandiona anayamba kubwera, titadzikulunga mipango kumphuno. Anthu ankachokera ku Utale wapansi, a ku Liwonde ndi ku Balaka pa sitima. Achimwene ankapambana pafupifupi nthawi zonse, ndiye ine mtima wanga unapita kwa wansomba uja, amene ankagwa kawirikawiri kuposa onse koma ankadzuka akuseka, mapesi ali m'khosi. Chilimwe chachiwiri wansombayo anapambana kamodzi. Anawalowera achimwene mkati pokhota pomaliza, zigongono zikukhudzana, n'kutsogola ndi tayala lokha. Anthu a ku Liwonde anamunyamula m'mwamba ndi njinga yomwe. Madzulo ake achimwene anandiyang'ana m'mbali.

"Chemwali, mawu anu ndinawamva. Simunkakuwira ine."

"Inu muli ndi anthu ambiri okukuwirani."

Anaseka, n'kundiuza kuti tsiku limenelo ndi lomwe anasangalala kwambiri, chifukwa mjaho wa munthu mmodzi wodziwa si mjaho.

Chaka chachitatu zinthu zinayamba kupendekeka. Achinyamata a chipani anayamba kuima panjira yolowera ku dambo kufunsa makadi. Zimenezo tinazizolowera, chifukwa ankafunsanso pamsika ndi pokwera sitima. Kenako kunabwera lamulo loti amwenye achoke m'madera akumidzi akakhale m'mizinda ikuluikulu. Sitolo ya ku Balaka inatsekedwa. Mnyamata uja anabwera kudzatsazika ndi katoni ya matcheni ndi mapulagi, n'kukhala pa mapesi. Anabadwira ku Balaka ndipo Chiyao ankachidziwa kuposa ine. Atapita, njinga zinatsala zitatu, matayala n'kumasokedwa ndi waya.

Tsiku lina tcheyamani wa nthambi ya chipani anabwera kunyumba kwanga achimwene ali pomwepo. Sanali munthu woipa pomuona, ndipo nayenso ankaonera mjaho. Anati kukubwera akuluakulu ku msonkhano wa ku Balaka, ndiye njinga zathu zikayende pang'onopang'ono pambuyo pa galimoto yawo, amayi ovina ali m'mbali. Achimwene anafotokoza mwaulemu kuti njinga yawo ilibe mabuleki ndipo singayende pang'onopang'ono, ingapweteke anthu. Tcheyamani anaumirira. Achimwene, poti anali munthu wanthabwala, anati:

"Bambo, njinga iyi sidziwa kuyenda pambuyo pa munthu."

Tinaseka tonse, ndi tcheyamani yemwe. Sindikudziwa kuti mawu amenewo anayenda bwanji kapena anawanyamula ndani. Panali anthu angapo pakhomo tsiku limenelo. Dera lathu linali lokayikiridwa kale ndi boma, ndipo munthu wobwera kuchokera kunja, wosonkhanitsa khamu Loweruka lililonse, ankaonedwa ndi diso lina.

Achimwene anadzawatenga pa dambo pomwepo, dzuwa likuswa mtengo. Landirova inaima pafupi ndi mapesi, n'kutsika amuna awiri ovala malaya wamba. Mjaho unali mkati ndipo iwo anadikira, manja ali m'matumba, mpaka unatha. Mmodzi anawombako m'manja. Achimwene atavula chisoti, anawayandikira n'kulankhula nawo motsitsa mawu. Ndinaona achimwene akuwerama, akumasula chitsulo cha kunsapato. Anabwera pomwe ndinaima.

"Chemwali, akuti ndikayankhe mafunso pang'ono. Mukawauze amayi asadandaule."

"Ndipite nanu?"

"Iyayi. Onani ana."

Landirova itachoka khamu lonse lija linasungunuka, aliyense akuyang'ana pansi, ngakhale amayi omwe tinkakuwa limodzi. Makaniko wa ku mishoni anakankha njinga yake kulowera kutchire osaliza. Amuna anga anandikoka dzanja, ine ndinakana. Amene anatsala ndi wansomba yekha. Awiriwiri tinakankha njinga ya achimwene mpaka kunyumba, injini idakali yotentha. Patapita masiku ochepa anthu omwe aja anabwera kudzaitenga nayonso, ndipo sitinaionenso.

Amayi anayenda m'maofesi onse omwe ankawadziwa. Kwina ankawauza kuti dzina limenelo kulibe, kwina kuti abwerere kwawo ngati akufuna mtendere. Anthu anasiya kugula zitumbuwa zanga. Amuna anga anaitanidwa kuntchito kukafunsidwa za phulusa lija, ndipo atabwerako anandiletsa kutchula za njinga m'nyumba. Sindinawaimbe mlandu, tinali ndi ana. Mlamu wanga, mkazi wa achimwene, anadikira zaka ziwiri, kenako abale ake anadzamutenga. Amayi anamwalira chaka chotsatira osadziwa ngati mwana wawo ali moyo. Pamaliro panalibe mwamuna wa m'banja mwathu woti n'kuyankhula, anayankhula ndi munthu wa pamudzi chabe. Dambo lija eni ake analilima thonje, ndipo kwa zaka zingapo mizere yake inkaoneka yakuda chifukwa cha phulusa.

Achimwene anabwera patatha zaka zambiri, popanda uthenga. Ndinali pa siteshoni pomwe munthu wina wa imvi, wotupa miyendo, anaima patsogolo pa dengu langa osagula kanthu. Ndinamufunsa kuti akufuna zingati. Anati, "Chemwali," ndipo ndinawazindikira ndi mawu okha. Khutu limodzi silinkamva, maso ankangotuluka misozi pakuwala. Anafunsa za amayi tili panjira yopita kunyumba. Nditawauza anaima, n'kukhala pansi m'mbali mwa njanji nthawi yaitali.

Anakhala nane. Za kundende sananenepo kalikonse, ndipo ine sindinafunse. Ankakhala kuseri kwa nyumba kuluka mikeka. Njinga yamoto ikamadutsa pamsewu ankadzuka n'kulowa m'nyumba. Ana anga, omwe ankayenera kuwadalira ngati malume awo, ankawaopa chifukwa achimwenewo ankabisa chakudya m'thumba la malaya.

Wansomba uja atamva anabwera kuchokera ku Liwonde ndi chambo chowamba. Anali atanenepa, ali ndi njinga yatsopano yofiira. Anakhala nawo pa mkeka akucheza za mitengo ya nsomba ndi za mvula. Pochoka anati:

"Achimwene, tangozungulirani nayo pabwalo pano. Kamodzi kokha."

Achimwene anadzuka, n'kugwira zogwirira zonse ziwiri. Anaima choncho kanthawi. Kenako anasiya.

"Iyayi, achimwene. Zija zinatha."

"Sizinathe. Inu ndi amene munatiphunzitsa."

"Ndinakuphunzitsani zopanda pake. Pitani bwino, moni kwa ana."

Anabwerera ku mikeka yawo. Wansomba anakankha njinga yake mpaka kumsewu, n'kukailizira kutali. Achimwene anamwalira dzinja lotsatira, chifuwa chitawagwira. Tinakawaika ku Utale pafupi ndi amayi. Wansomba anabwera, n'kukhala kumbuyo pa nthawi ya mapemphero athu, koma pokwirira anatenga nawo khasu. Patapita zaka zochepa ndinamva kuti nayenso anatisiya.

Chithunzi cha mjaho umenewo palibe anajambula. Amuna anga anapita, anzawo a panjanji anabalalika. Zipani zitachuluka, anthu atayamba kuyankhula momasuka, ndinakumana ndi makaniko wa ku mishoni pa msika wa Balaka, akugula anyezi. Anali atakalamba koma ndinamuzindikira msanga. Ndinamupatsa moni, n'kudzifotokoza kuti ndine mlongo wa uje, wa njinga ya ku Nkaya. Ndinkangofuna munthu mmodzi woti tikumbutsane za tsiku lomwe wansomba anapambana, andiuze ngati zinalidi momwe ndimazionera m'mutu mwanga. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati kuti wina akumvetsera.

"Mayi, mwina mukundisokoneza ndi munthu wina. Ine njinga yamoto sindinakwerepo."

Analipira anyezi ake n'kumapita. Ndinamuona akutsimphina mwendo wamanzere mpaka anakhota kuseri kwa mabenchi a nsomba. Ine ndinagula mchere womwe ndinapitira, n'kukadikira minibasi.