Buku Lokulungira Mchere

Amuna anga anamwalira ku chipatala cha mishoni ndi chifuwa chachikulu, ine ndili m'munda wa tiyi, dengu kumsana. Mnzawo wina amene anagona naye chipinda chimodzi anandibweretsera kalata imene anandilembera atatsala masiku awiri kuti amwalire. Ndinaimanga pansonga ya nsalu osaionetsa munthu. Ku malaini kumene tinkakhala antchito a pa esiteti, kalata ikawerengedwa ndi kapitawo m'mawa, madzulo nkhani yake imakhala ili ku chitsime.

Kuwerenga ndinali nditayamba. Malemu ankandiphunzitsa Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi, ndi kabuku kakang'ono kokhala ndi zithunzi. Zilembo ndinkazidziwa chimodzichimodzi, koma kuzilumikiza ndinali ndisanafike. Tsiku la maliro abale awo anaika kabukuko m'bokosi pamodzi ndi chipewa ndi mpeni, akuti za munthu zizipita ndi mwini wake. Sindinalimbe mtima kuwaletsa.

Nditameta, ndinayenda wapansi kupita ku Luchenza. Kumeneko kunali sitolo ya kampani ina yaikulu imene inalinso ndi sitolo ku Limbe, ku Zomba ndi kwina, zonse zopakidwa utoto umodzi. Ankagulitsa nsalu, makasu, mchere, ndipo khoma limodzi linali la mabuku okhaokha. Ife akuda sitinkalowa. Tinkaima pa kawindo ka kumbali, n'kumauza kalaliki chimene tikufuna.

Kalaliki wakeyo anali mwana wa kwathu komweko, mayi ake ankathyola tiyi mzere umodzi ndi ine. Koma anali atavala nsapato ndi tayi, pensulo pakhutu, ndipo Chilomwe ankachita ngati sanachimvepo chibadwire.

"Ndikufuna buku lophunzirira kuwerenga, bambo."

"Dzina lake?"

"Dzina sindilidziwa."

"Chikuto chake n'chotani?"

Malemu anasokera kabukuko m'chiguduli cha tiyi kuopa chinyontho, ndipo chikuto chake sindinachione ngakhale kamodzi. Ndinati ndi kakang'ono ngati chikhatho, ndipo tsamba lachitatu lili ndi nkhuku yaikazi ndi anapiye anayi.

Anatulutsa chibuku chachikulu chimene munali maina a mabuku onse a kampaniyo. Ananyambita chala, n'kutembenuza masamba pang'onopang'ono kuti anthu a pamzere aone kuti iye ndi wa sukulu.

"Mayi, muno timafufuza ndi dzina. Nkhuku mukazifunse kumsika."

Anthu anaseka. Mashelefu anali kumbuyo kwake, mapazi atatu okha, koma khosi lake silinatembenuke. Ndaona anthu aulesi ambiri pa esiteti, ogona m'tiyi kapitawo akatembenuka, koma iwo amadziwa kuti akuba ntchito. Uyu ankaganiza kuti akuigwira.

Ndinabwereranso Loweruka lina. Anati alembera ku Limbe. Ndinafunsa kuti alemba chiyani popeza dzina salidziwa. Anati zimenezo ndi za mu ofesi. Ulendo wachitatu anandikankhira buku lachingerezi lokhala ndi chithunzi cha tambala, n'kunena kuti nkhuku ndi nkhuku.

Tsiku limenelo ndinangogula mchere kuti ndisabwerere chimanjamanja. Ndili panjira ndinakhala pansi pa mtengo wa bulugamu kuti ndimange bwino katundu. Pepala limene anakulungira mcherewo linali ndi mbuzi yoimirira pa chulu. Ndinaidziwa mbuzi imeneyo. Inali pa tsamba lotsatira nkhuku.

Ndinabwerera pomwepo, n'kuyala pepalalo pawindo.

"Ndi ili, bambo. Dzina lake lili pamwambapa, werengani."

Anawerenga, anatsegula chibuku chake chija, ndipo anapeza dzinalo. Linali lodulidwa ndi mzere wofiira.

"Limeneli linatha."

"Nanga pepalali mwalitenga kuti?"

Ndinasuzumira. Pafupi ndi nsapato zake panali bokosi lodzaza timabuku timeneto, tina totupa ndi madzi a denga lodontha, tambiri tabwinobwino. M'timabukumo ndi mmene ankang'amba mapepala okulungira mchere ndi sopo.

"Ndigulitseni kamodzi."

"Sizingatheke. Analamula a ku Limbe kuti tiwachotse. Buku limene mulibe m'chibukumu kulibe."

"Koma maso anu akuliona?"

"Mayi inu, mukutchinga mzere."

Ananena zimenezi akung'amba tsamba lina, n'kulipinda ngati nyanga, n'kuthiramo mchere wa munthu wotsatira. Sindinamutukwane. Munthu wotere kumutukwana n'kumupatsa ulemu.

Ndinauza amayi anzanga a ku malaini kuti aliyense wogula mchere kapena sopo ku sitoloko azindisungira pepala. Ena ankandiseka kuti wamasiye wayamba kutola zinyalala, koma ankabweretsa. Ndinkakutumula mchere, n'kuyanika mapepalawo pamwala. Mbuzi ndinali nazo zisanu ndi ziwiri, tsamba la khasu linandivuta miyezi iwiri. Dongosolo lake ndinkalikumbukira ndi zithunzi. Ndinawasoka ndi ulusi wa thumba, ndipo masamba atatu sanapezeke konse.

Mvula yotsatira isanagwe ndinamasula nsonga ya nsalu ija. Kalatayo inali ndi mizere isanu ndi umodzi, ndipo inanditengera masana onse, chala pansi pa chilembo chilichonse. Ankati chifuwa chachepako. Ankati nkhwangwa yathu ili kwa mlamu wawo ku Masambanjati, ndikaitenge ndisachite manyazi. Ankati ndisalole kuti mwana wathu wamkazi alembedwe ntchito yothyola tiyi asanamalize kalasi yachiwiri. Mzere womaliza zilembo zake zinali zokhotakhota, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene ankafuna kunena.

M'mawa mwake ndinapita kwa kapitawo kukachotsa dzina la mwanayo, chifukwa anali atamulemba kale.