Chithunzi Choika pa Bokosi la Rosaria

Rosaria atamwalira, mchimwene wake Luckson anapempha chinthu chimodzi chokha kwa mwamuna wa malemuyo.

"Alamu, tipatseni chithunzi cha achemwali choika pa bokosi mawa. Inu ndi kamera simusiyana, sizingavute."

Bernado anavomera ndi mutu.

Ku Milonde ankamutcha Ajambulanyerere. Anafika ali wamng'ono pothawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo atakula analowa ntchito yothyola tiyi. Bwana wina pochoka pa esiteti anamusiyira kamera yakale, n'kumuonetsa kuti ukazula diso lake n'kulitembenuza, kanthu kochepa ngati njere ya mawere kamadzaza chithunzi chonse. Matenda anayambira pamenepo. Zaka makumi atatu, munthu wamkulu ndi ndevu zake, ankagona chafufumimba m'mizere ya tiyi kudikira kuti kangaude asunthe mwendo. Anzake anafolera nyumba ndi malata. Iye kamera itafa anakagula ina yakale ku Limbe, nayonso n'kuitembenuza diso.

Vuto la diso lotembenuza n'lakuti limangoona chomwe chili pafupi, kutalika kwa chala basi. Munthu akaima patsogolo pake satuluka.

Rosaria anapemphapo, osati kamodzi. Tsiku lina atavala yunifolomu yatsopano ya amayi a kutchalitchi anati, "Abambo, lero mundijambuleko nanenso."

"Pepani amayi, diso ndatembenuza kale. Mawa."

Mawalo linatha zaka. Ana sanakhale nawo oti n'kuwajambula amayi awo pa foni. Chiphaso cha Rosaria, chomwe chinali ndi nkhope yake, chinapita ndi madzi a namondwe, tsiku lomwe Bernado anathawitsa katoni ya zithunzi zake n'kusiya zina zonse.

Masanawo, amayi akuimba nyimbo za maliro m'nyumba, Bernado anakhala kuseri n'kukhuthula katoni ija pamphasa. Munali maso a ziwala, ubweya wa mbozi, mame pa nsonga ya tsamba la tiyi, ndere za pamiyala ya m'phiri. Zinali zokongola ndithu, ndipo kwa nthawi yoyamba anadana nazo.

Atafika pakati anayamba kuona chinthu chomwe sanachionepo. M'mphepete mwa zithunzi zambiri munali zala. Mphepo ya m'phiri ikamagwedeza nthambi, ndi Rosaria amene ankaigwira kuti ikhale bata, ataima phee mpaka mkono kuchita dzanzi. Pachithunzi china chala chachikulu chinatuluka bwino lomwe, chikhadabo chong'ambika, khungu lakuda ndi utomoni wa tiyi, pamwamba pake bilimankhwe wamng'ono. Bernado analira ngati mwana.

Luckson atabwera kudzatenga, anamupatsa chomwecho.

Luckson anachiyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa.

"Dzanjali ndi lawo, ndalidziwa," anatero pochibweza. "Koma ichi sitingaike pa bokosi, anthu atiseka. Ndiye kuti nthawi yonseyi anali pambali panu pomwepa, alamu? Kunali kungotembenuka basi."



M'mawa mwake bokosi linatuluka m'nyumba lopanda chithunzi. Adzukulu asanakhomere chivundikiro anaitana achibale kuti adzaone nkhope komaliza. Bernado anawerama n'kuyang'anitsitsa, kuyesa kusunga mphumi, milomo, ndi kachipsera ka pachibwano komwe sankadziwa kuti kanabwera liti. Anachedwa pamenepo mpaka anamugwira paphewa kuti apatse mpata anzake.