Tsiku limene ndinayang'ana mkamwini wanga

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndinaipeza imvi zitamera kale. Moyo wonse ndinkamata machubu pansi pa mtengo ku Biwi, mpaka mayi wina woyendetsa mipikisano ya njinga anabwera ndi gudumu lopindika. Ataona mmene ndinkalipenyera, anati akufuna mwamuna wa maso osaphethira. Ine ndinkayesa ulonda. Inali ntchito yoonerera anthu akukodza.

Musaseke. Wopambana akangodutsa mzere umamukakamira ngati nkhupakupa. Amasankha yekha kapu yomata, amasamba m'manja popanda sopo, malaya m'chifuwa, kabudula m'mawondo, ndipo iwe uone mkodzo ukuchoka m'thupi. Kenako amauthira m'mabotolo awiri n'kutseka yekha. Wokana amamuyesa womwa mankhwala owonjezera mphamvu, ndipo amamuletsa kupikisana kwa zaka.

Tsiku la mpikisano waukulu mnzanga pantchitoyo anapita kumaliro, mwamuna ndinatsala ndekha. Amene anapambana anali Yohane, mwamuna wa mwana wanga, munthu amene ankandipatsa moni atanjuta patali.

Ndinawauza mayi aja. Anati mkazi saloledwa kuyang'ana mwamuna, ndipo wina wophunzitsidwa panalibe.

Kunja kwa tenti yoperekera mkodzo anyamata a ku Kawale, amene munthu wawo anali wachiwiri, anali atasiya kuimba. Ankangoyandikira, ena atanyamula mapampu ngati zibonga. Yohane anamwa madzi mpaka mimba kukula, koma kabudula osamukhudza.

"Bambo, bola andiletse," anatero akuyang'ana pansi.

Ndinamufunsa ngati zidzukulu zanga zidzadya manyazi ake. Anatsitsa. Ndinayang'ana, osaphethira.

Mabotolo anapita kukayezedwa, anabwera oyera. Koma a ku Kawale anakadandaula ku komiti ya mpikisano, ndipo mfundo yawo inali yomveka kwa Mchewa aliyense: palibe mpongozi angayang'ane mkamwini ali chivulire. Nkhalambayo inatembenuka, ankatero, mkodzo ndi wa munthu wina. Ngakhale a komiti ankagwedeza mitu movomereza. Mwambo umene ndinauphwanya ndi umene unkandichitira umboni wabodza.

Wapampando anandifunsa, Yohane ali pomwepo, kuti ndinaona chiyani.

"Chipsera cha moto, pamwamba pa ntchafu yakumanzere, chooneka ngati tsamba la mbatata," ndinatero.

Amuna awiri anapita ndi Yohane kuseri kukaona, n'kubwera osayang'ana munthu. Chikho chinakhala chake.

Chikhocho sindinachionepo. Yohane sanapondenso pakhomo panga. Tikakumana mu msewu wa ku Mchesi amakhotera m'kanjira, njinga ataikweza paphewa. Mwana wanga amabwera yekha, ndipo nkhani ya njinga saitchula.

Ophunzira ntchitoyi ndimawauza chinthu chimodzi: usanavomere, funsa mayina a okwera onse. Maso akaona sabweza.