Sipika ya Kumanzere

Wailesi ya kaseti ya malemu bambo anga ili ndi masipika awiri, ndipo ya kumanzere ndi imene inandidanitsa ndi achimwene chaka chatha. Bambo anaigula ku Joni ine ndisanabadwe. Ndi chiwailesi cholemera ngati thumba la simenti, ndipo mpaka lero chimakhala pakabati kunyumba kwa amayi, kwa Mponda.

Tili ndi kaseti imodzi yokha ya mawu a bambo. Anawajambula akutsogolera sikiri, nyimbo zachisilamu, pa sadaka yokumbukira malemu agogo. Wojambulayo anaika maikolofoni awiri: ya kumanja inatenga gulu lovomera, ya kumanzere inatenga bambo okha. Ndiye sipika ya kumanzere ikazima, mumangomva anthu akuvomera popanda woyambitsa. Amayi amaimvera Lachisanu lililonse. Chapakati pali pamene bambo amasiya kuimba, n'kutsokomola, n'kuitana amayi ndi dzina lawo kuti abweretse madzi akumwa. Amayi amadikira pamenepo.

Sipikayo inayamba kumadula mawu. Iimba, izima, kenako ibwerera yokha ikafuna. Mankhwala a achimwene anali mbama. Akaimenya wailesiyo pambali mawu ankabwereradi, iwo n'kumayenda monyang'wa ngati injiniya.

"Achimwene, mukumenya ababa," ndinawauza.

"Iwe, chimamva mbama chimenechi. Ndinachidziwa usanamere mano."

Ndinapsa mtima koopsa. Kenako achimwene anabwera ndi mmisiri wa ku Monkey Bay, amene sanavutike n'kumvera kasetiyo. Anati angolumikiza masipika onse ku mbali ya kumanja. "Ziziimba mofanana, achemwali, basi yatha." Ndiye kuti bambo awazimitsiretu, atisiyire gulu lovomera pawiri. Ndinamuonetsa khomo asanatulutse n'sikuludiraiva yomwe.

Ndinaganiza zokonza ndekha. Ndinasinthanitsa mawaya a masipika kumbuyo, ndipo imene inayamba kuzima ndi ya kumanja. Apo ndinadziwa kuti sipika ilibe mlandu, matenda ali m'kati mwa wailesi, ndipo ndinabwezera mawayawo m'malo mwake. Ndikakhudza kabatani kogawa mawu kumanzere ndi kumanja, pankamveka phokoso ngati munthu akukazinga chimanga. Nditatsegula ndinapeza litsiro lakuda, lomata, lonunkhira ubani. Amayi amafukiza ubani patsinde pa kabatiyo Lachinayi lililonse, ndipo utsi wa zaka zonsezo unathera m'menemo.

Ndinayamba kutsuka ndi sipiliti. Nditsuka, ndiyesa kaseti, ndibweza, ndiyesanso, tsiku lonse la Lachitatu. Achimwene anaima pakhomo manja ali m'thumba.

"Yesera kaseti ina," anatero. "Imeneyo yakalamba."

Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine ndinangoona munthu wa mbama uja akundiphunzitsa ntchito. Akananena wina aliyense ndikanamvera. Ndinawayankha kuti akasamale maukonde awo, n'kudinanso batani.

Chakumasana mawu a bambo anakokeka, n'kuima. Wailesi inali itatafuna tepi. Ndinaisolola ili yopiringizika, yothothoka pena, yotalika ngati mkono wanga. Palibe chimene ndikanachita koma kudula chidutswacho n'kulumikiza tepiyo ndi kyuteksi wopaka zikhadabo. Sindinauze amayi.

Lachisanu anakhala pamkeka, atafunda mtandio wawo woyera. Masipika onse anaimba bwino kuposa kale, ndipo amayi anandiyamika. Bambo anasiya kuimba, anatsokomola, pompo gulu linavomera.

"Tabweza pang'ono, mwanangu," amayi anatero. "Sindinamve akundiitana."

Ndinabweza. Anasendera pafupi ndi sipika ya kumanzere, n'kutchera khutu.

Achimwene anali pomwepo. Anandiyang'ana kamodzi, ndipo mpaka lero za tepiyo sananenepo. Akanandilalatira bwenzi ndili ndi wina womukwiyira.