Mkamwini Amene Anayang'ana Kukhoma

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu, amene anandipatsa makutu awiri, ngakhale ndinachedwa kudziwa ntchito yake.

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi ansembe a mpingo wathu ku Kota Kota. Poona kuti ndikudziwako Chingerezi, ananditumiza kuchipatala kukakhala womasulira. Pakapita miyezi ingapo, sitima inkabweretsa dokotala wachizungu amene anaphunzira za matenda a maganizo. Ine ndinkamukonzera tebulo: khadi la wodwala, tochi younikira m'maso, kanyundo kogogodera bondo, ndi fomu yotumizira munthu kuchipatala cha amisala ku Zomba. Fomuyo ikasainidwa, munthu ankakwezedwa lole atamangidwa manja, ndipo ambiri sitinkawaonanso.

Lamulo la dokotalayo linali limodzi: "Funsa wodwala, osati womuperekeza."

Tsiku lina kunabwera Yohane, msodzi wa ku Kanyenda. Anamuperekeza mayi wina wachikulire, amene analowa naye n'kukhala pa benchi. Mayiyo anafotokoza kuti chimwalirireni mwana wa Yohane, bamboyo sadya, sagona, ndipo ukonde unaolera pamchenga.

Ndinamufunsa dzina. Anatembenukira kukhoma n'kuphimba nkhope ndi mkono. Ndinafunsanso kawiri, koma zii. Ndinalemba pakhadi kuti salankhula ndipo amabisa nkhope. Dokotala anawerenga, nakokera fomu ija pafupi, koma sanasaine.

"Wamufunsa kuti akuopa chiyani?"

Ndisanafunse, mayi uja anandikodola. "Iwe mwana wa Estere, yunifolomu yakudya nzeru? Mkamwini angatsegule pakamwa apongozi ake ali pamphuno?"

Manyazi anandigwira mpaka kuphazi. Mwambo umene ndinakulira momwemo ndinaulemba pakhadi ngati misala! Ndinanena zoona kwa dokotala, kuti cholakwa n'changa. Iye anandipatsa labala. "Fufuta, tiyambirenso."

Mayiyo atatuluka, ndinachotsa mpando n'kukhala pansi pafupi ndi Yohane. "Achimwene, tatsala amuna okhaokha. Chikukuwawani n'chiyani?"

Dokotala anandiletsa kumufulumizitsa. Kenaka anati, "Ndinali panyanja pamene mwanayo ankandiitana."

Analira, analankhula mpaka dzuwa linapendeka, ine ndikumasulira mawu ndi mawu osadumpha. Ankadwaladi, koma sanali wa unyolo. Dokotala anamupatsa mankhwala ogonetsa a masiku ochepa, nandilamula kuti Lachitatu lililonse ndizikhala naye n'kulemba zimene wanena. Fomu inabwerera m'kabati yosalembedwa. Mvula isanagwe, Yohane anali atasoka ukonde wina.

Ambuye wathu atakumana ndi wakhungu pamsewu, sanafunse khamu. Anafunsa mwini wake. Kuyambira tsiku limenelo ndinatsimikiza mtima kuti pensulo yanga sidzatsogolanso khutu, ndipo ndinkayamba ndayang'ana amene wakhala pa benchi.

Mulungu akusungeni inu owerenga, ndipo tsiku limene mudzatembenukira kukhoma, akutumizireni munthu wodziwa kudikira.