Wometa Amene Ankaima pa Sitolo ya Nyale

Panali wometa wina amene anali munthu wa maloto. Lumo lili m'manja, maso ali pagalasi, koma maganizo atapita kale kumitambo. Ambiri ankatuluka m'shopu mwake mbali imodzi ya mutu itametedwa kuposa inzake, koma ankabwererabe, poti dzanja lake linali lofewa.

Chimodzi chokha sankaiwala. Dzuwa likapendeka ankasesa tsitsi pansi, kutseka chitseko, n'kupita kukatenga mkazi wake kumene ankagwira ntchito yosita zovala. Ankakwera limodzi msewu wa chitunda wopita kwawo, osalankhula zambiri. Anayamba zimenezi ali pa chibwenzi, ndipo imvi zinawapeza akuyendabe. Kwa iye ulendo umenewo ndiwo unali banja.

Kenaka chifuwa chinayamba kumuthina. Akafika pakati pa chitunda ankamva ngati wina wamukhalira pamtima. Anaopa kuti akanena, mayiyo amuletsa kumabwera kudzamutenga. Ndiye, abale inu, nzeru za amuna! Ankangoima pa sitolo ina yogulitsa nyale n'kumasuzumira pawindo ngati wasirira, mpaka ululu utaphwa. Mkazi wake anamumvera chisoni n'kumugulira nyale yobiriwira. Mawa lake anaimanso pomwepo.

"Abambo, kodi mukufuna sitolo yonseyi?" anafunsa mayiyo.

"Ndikungoona, amayi," anatero iye, thukuta lili kamukamu.

Mayiyo anamuyang'anitsitsa kumaso. "Mawa simumeta munthu. Tikupita kuchipatala."

Dokotala wa mtima atamupima anafotokoza mosapsatira. "Bambo, mtsempha umodzi wopititsa magazi kumtima kwanu watsala pang'ono kutsekeka ndi mafuta. Tilowetsa kachubu pamkono apa, kayende mumtsempha mpaka pamene pathinapo. Pamenepo tifufumitsa kabaluni n'kusiyapo sitenti, kawaya kolukidwa ngati kaukonde, kuti njirayo ikhale yotseguka. Sitikugonetsani ayi, tingochititsa dzanzi pamkonopo."

Tsiku loika sitentilo litafika, anagona chagada m'chipinda chozizira, atamufunditsa nsalu mpaka m'khosi, ngati mmene iye amafunditsira makasitomala ake. Pasikirini pambali pake anaona mitsempha ya mtima wake ikugwedezeka ngati nthambi za mtengo kukawomba mphepo. Nthambi imodzi inali yoonda pakati. Anayamba kulota ali maso: akuyenda m'kati mwa nthambiyo, mkazi wake ali patsogolo atanyamula zovala zoyera zofunda, njira ikucheperachepera. Pachifuwa panathina kwa kanthawi, mantha anamugwira. Kenaka nthambi ija inadzaza mpaka kunsonga.

"Mwaiona?" anatero nesi. "Magazi akudutsa tsopano. Koma mankhwala musamadumphitse."

Sanadumphitse, mayiyo sakanalola.

Atapeza mphamvu, anabwerera ku lumo lake, ndipo madzulo anapita kukatenga mkazi wake. Anayamba kukwera chitunda, mpweya ukulowa bwinobwino ngati wa mnyamata. Maganizo anauluka monga mwa chizolowezi, miyendo ikungopita yokha. Atafika pamwamba anatembenuka kuti anene kanthu, koma pambali pake panalibe munthu. Mayiyo anali kumunsi, dzanja lili m'chiuno, ali wefuwefu.

"Kodi anakuikani injini?" anakuwa uku akuseka. "Ndidikireni, inetu ndakalamba!"

Wometayo anatsika chitunda chonse, misozi ili mbwembwembwe, n'kumugwira dzanja. Anakweranso kachiwiri, pang'onopang'ono, motsatira mapazi a mkazi wake.